Mfutso wa Zithunzi

Mvula ya mu Januwale ikamabwera ku Kasina, m'boma la Dedza, imayamba yaonekera patali. Kumapiri kumada bii, mphepo imayamba kukupiza malata, amayi n'kuthamangira kukanula zovala. Koma anyamata amene alipira pakhomo la kanyumba ka vidiyo kuti aonere mpira sadziwa kanthu za mtambowo, poti mazenera anatsekedwa ndi makatoni. Amene amawauza kuti kunja kwaipa ndi kanemayo. Wosewera amene amathamanga ndi mpira amangoima chilili, mwendo uli m'malere. Nkhope yake imasweka n'kukhala tizidutswa ta ngodya zinayi, kapinga wa m'bwalo n'kuoneka ngati njerwa zobiriwira zoyalidwa ndi mmisiri wosadziwa ntchito, mawu a woulutsa n'kumadukaduka. Kenaka zii. Mwini nyumba amatuluka ndi thumba kumutu kukasuzumira dishi, ngakhale akudziwa bwino kuti dishiyo sinasunthe.

Anthu ambiri amatiyesa matenda a kanema tizidutswa timeneti. Si matenda ayi. Ndi msoko wa malaya umene waonekera chifukwa malayawo avalidwa chotembenuza. Chithunzi chilichonse chimene dikoda imaonetsa chimafika chodulidwadulidwa motero, ngakhale tsiku lopanda kamtambo ndi kamodzi komwe, ndipo chimafika chitachotsedwa zambiri zimene kamera inaona. Popanda kudula ndi kutaya kumeneku, mpira wa ku Manchester kapena wa pa Bingu National Stadium sukanafika ku Kasina mmene ukufikiramu.

Munda wa mumlengalenga

Malawi anachedwa kukhala ndi wailesi yakeyake ya kanema. Nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu Banda tinkamvera wailesi ya MBC basi, ndipo Television Malawi (TVM) inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999. Amene anaona masiku amenewo akukumbukira eriyo yomangidwa pansonga pa nsungwi yaitali. Mmodzi amakhala panja kupotoza nsungwiyo, wina m'nyumba kumakuwa kuti, "Pomwepo! Ayi wadutsa, bwerera pang'ono!" Chithunzi chimabwera chothothoka timadontho toyera ndi takuda ngati mpunga womwazika, nthawi zina woulutsa nkhani n'kuoneka ali ndi mnzake wachizimezime pambali pake. Imeneyo inali kanema wa analogi: mafunde ankakwera ndi kutsika motsatira kuwala kwa chithunzi, mzere ndi mzere, osasiyapo kanthu.

Mafunde a wailesi amayenda mumlengalenga, ndipo munthu angaganize kuti kumeneko malo ndi osatha. Amatha. Mlengalenga uli ngati dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe: aliyense akulifuna, koma silikula. A wailesi, a kanema, a lamya za m'manja, oyendetsa ndege, apolisi, onse afuna ndime yawo, ndipo awiri akalima ndime imodzi mawu awo amasokonezana. Kuno kwathu nyakwawa yogawa ndimezi ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Kukula kwa ndime kumayezedwa ndi ma megahertz, ndipo ndime imodzi ya kanema m'chigawo chathu chino cha dziko lapansi ndi ma megahertz 8. Pa analogi, ndime yonseyo inkadyedwa ndi tchanelo imodzi yokha.

Ndiye wina anganene kuti, bwanji osangosandutsa chithunzicho manambala, monga makompyuta amachitira? Tiyeni tiwerengere. Chithunzi cha kanema wamba chili ndi timadontho 720 chopingasa ndi mizere 576 chotsika, kutanthauza timadontho 414,720. Zithunzi zotere zimadutsa 25 pa sekondi iliyonse kuti diso lione ngati zinthu zikuyenda. Kadontho kalikonse kamafuna manambala onena kuwala kwake ndi mtundu wake, ndipo makina amalemba manambalawo ndi timayankho ta "inde" kapena "ayi" totchedwa mabiti. Zonse pamodzi zimakwana mabiti pafupifupi 166 miliyoni pa sekondi. Pamene ndime ija ya ma megahertz 8, ngakhale itagwiritsidwa ntchito ndi luso lamakono, imanyamula mabiti apakati pa 30 ndi 40 miliyoni pa sekondi. Tchanelo imodzi yokha siyingakwanemo n'komwe. Kwa wozolowera kugula bandulo ya intaneti, tinene chonchi: bandulo ya 1GB ikanatha mphindi imodzi isanakwane, ndipo mpira wa mphindi 90 ukanadya ma GB oposa 100.

Choncho manambala paokha sanathetse vutoli. Analikulitsa. Chimene chinathandiza ndi chakuti manambala ukhoza kuwafutsa.

Mayi wa ku Kasina akathyola nkhwani kapena khwanya wodzaza dengu m'nyengo ya dzinja, amawufutsa, n'kuwuyanika padzuwa, ndipo dengu lonse lija limakwana m'chikwatu chimodzi chopachika kudenga. Chimene chachoka ndi madzi, ndipo madzi sasowa kuwasunga chifukwa tsiku lophika adzathiramo ena. Mfutso ukapsa sufanana ndendende ndi ndiwo zothyola lero, aliyense amadziwa, komabe nsima imayenda. Akatswiri a kanema anafuna zomwezo: apeze "madzi" a m'chithunzi, awachotse asanatumize, dikoda ikabwezeremo pofika. Funso lovuta linali lakuti madziwo ali pati, popeza ukangotaya timadontho mwachisawawa chithunzi chimabooka.

Malukidwe 64

Lamlungu mu tchalitchi cha parishi ya Kasina kwaya ikamayimba, khutu limalandira mawu amodzi osakanikirana. Koma wophunzitsa kwaya amamva mosiyanitsa: awa ndi a besi, awa a tena, awa a alito, awa a soprano, ndipo akhoza kunena kuti lero a besi akweza kwambiri. Katswiri wa masamu wa ku France, Joseph Fourier, anaonetsa m'buku lake la 1822 lonena za kayendedwe ka kutentha kuti chinthu chokwera ndi kutsika mosokonekera chikhoza kugawidwa kukhala mafunde osalala, ena aakulu oyenda mwaulesi, ena ang'onoang'ono othamanga, ndipo ukawaphatikizanso chinthu chija chimabwerera. Iye sankaganiza za kanema. Koma kuwala kwa pachithunzi nakonso kumakwera ndi kutsika ukamayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja, choncho nakonso kuli ndi besi wake ndi soprano wake.

Zimachitika motere. Makina a kumalo oulutsira amadula chithunzi m'timabwalo ta timadontho 8 chopingasa ndi 8 chotsika, kutanthauza timadontho 64 pa kabwalo kalikonse. Ndiye ali ndi mndandanda wa malukidwe 64, wofanana ndi umene dikoda yanu inabadwa nawo. Ganizirani woluka malichero amene ali ndi nsungwi zoyera ndi zakuda. Kalukidwe koyamba ndi kosalala, mtundu umodzi ponseponse. Kachiwiri n'kowala mbali imodzi n'kumada pang'onopang'ono mbali inayo. Kena kali ndi mizere iwiri yoimirira, kena itatu, kena mizere yogona, kena yopingasana, mpaka komaliza kamene n'kamawangamawanga ngati bolodi la drafuti. Kabwalo kalikonse ka chithunzi chilichonse padziko lapansi kakhoza kupangidwa posanjikiza malukidwe 64 amenewa, kalikonse pa muyeso wake. Choncho m'malo monena kuti kadontho koyamba kawala chonchi, kachiwiri chonchi, makina amanena kuti: thira kalukidwe koyamba kochuluka chonchi, kachiwiri pang'ono chonchi, kachitatu usathire.

Wowerenga watcheru aona kuti pakadali pano sitinapindule kanthu. Tinali ndi manambala 64, tatsalanso ndi manambala 64. N'zoona, ndipo ukawatembenuza amabweza kabwalo kaja momwe kanalili. Koma taonani mmene manambala atsopanowa akhalira. Tengani chithunzi cha phiri la Dedza m'mwezi wa Julaye, thambo lili mbee. Kabwalo kochokera pathambopo kali ndi timadontho 64 tofanana pafupifupi tonse, mwina kumwamba kodera pang'ono kuposa kumunsi. Pa malukidwe aja, koyamba kamatenga nambala yaikulu, kena kamodzi katenga kanambala kakang'ono, otsala 62 n'kukhala ziro kapena pafupi ndi ziro. Chimodzimodzi khoma la nyumba, tsaya la munthu, malaya a mtundu umodzi. Zinthu zambiri zimene kamera imajambula n'zosalala, ndipo kadontho kamakonda kufanana ndi koyandikana nako. Kusandutsa kumeneku kuli ngati kupeta: chimanga chimasonkhana mbali imodzi ya lichero, mankhusu mbali ina. Sunataye kanthu, koma tsopano ukuona choti utaye.

Kutaya kwenikweni kumabwera pambuyo pake, ndipo kumatsamira pa kufooka kwa diso la munthu. Diso limaona msanga ngati thambo lonse lada kapena lawala, koma silisamala kwenikweni ngati timizere tating'onoting'ono ta pa tsamba la mtengo talakwika pang'ono. Choncho manambala a malukidwe osalala amasungidwa mosamala, pamene a malukidwe a timizere tothinana amayezedwa mwachisawawa, monga wogulitsa mbatatesi ya kachewere pa msewu wa M1 amene sawerenga imodziimodzi koma amangoti ndowa yadzaza. Tinambala tating'ono tambiri timagwera pa ziro. Kenaka makina amawerenga manambalawo mokhotakhota kuyambira pa ngodya ya malukidwe osalala, kuti maziro onse akathere kumapeto, ndipo akafika pamene patsala maziro okhaokha amangoika chizindikiro chimodzi chonena kuti zathera pano. Zizindikiro zobwera kawirikawiri zimapatsidwa malembedwe aafupi, zosowa aatali, njira imene David Huffman anailongosola mu 1952 akadali wophunzira. Kabwalo ka thambo kaja, kamene kanali manambala 64, kamayenda ulendo wake ngati manambala awiri kapena atatu.

Mtundu nawo amaubera. Diso limaona bwino malire a kuwala ndi mdima kusiyana ndi malire a kufiira ndi kubiriwira, motero pa timadontho tinayi toyandikana amatumiza kuwala kwa kalikonse, koma mtundu umodzi wogawana tonse.

Amene anazipeza

Ganizo lotumiza chithunzi cha kanema ngati mafunde a Fourier linayesedwa ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Harry Andrews ndi William Pratt a ku University of Southern California analemba za njirayi mu 1968, ndipo chaka chotsatira, pamodzi ndi mnzawo wina, anayesanso njira ina ya masamu yotchedwa Hadamard. Njira ya Fourier inali ndi chilema chake. Imatenga kabwalo ngati chinthu chobwerezabwereza, ngati maluwa a pa chitenje, ndiye mbali ya kumanja ikakhala yowala pamene ya kumanzere ndi yakuda, pamalumikiziro pamakhala phompho limene limafuna manambala ambiri kulifotokoza, chonsecho pachithunzi chenicheni phompholo palibe.

Amene anakonza chilemachi ndi Nasir Ahmed, wobadwira ku Bangalore m'dziko la India mu 1940, amene ankaphunzitsa ku Kansas State University. Mu 1972 anaganiza zogwiritsa ntchito mafunde a mtundu umodzi wokha, otchedwa cosine. Mafunde amenewa amatenga kabwalo ngati kuti kapindidwa pagalasi, mbali yowala n'kukumana ndi yowala inzake, phompho lija osakhalaponso. Anapempha thandizo la ndalama ku bungwe loona za sayansi la dziko la America, koma anamukaniza poti ganizolo linaoneka lophweka kwambiri. Sanagwe ulesi. Anapitiriza ndi wophunzira wake T. Natarajan komanso mnzake K. R. Rao wa ku University of Texas at Arlington, ndipo mu Januwale 1974 anasindikiza zimene anapeza pansi pa dzina lakuti Discrete Cosine Transform, mwachidule DCT. Nkhani ya kukanidwa kwakeyi imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa kuphweka kumene anamunyozerako ndi kumene kunachititsa kuti njirayi ikwane m'kabokosi kotchipa koyendera batire ya sola.

Panapita zaka makina asanafike pa liwiro lochita masamuwa zithunzi 25 pa sekondi. Kenaka zinangotsatana: JPEG ya zithunzi zoima mu 1992, MPEG-2 chapakati pa zaka za m'ma 1990 imene inanyamula ma DVD ndi kanema wa pa satelayiti monga DStv, imene inayamba mu 1995, ndiponso H.264, yotchedwanso MPEG-4 AVC, mu 2003. Yomalizayi imagwiritsa ntchito timabwalo ta 4 ndi ta 8 ndi masamu ofupikitsidwa, koma ndi mdzukulu wa ganizo la Ahmed lomwe lija.

Pali chinyengo china chimene kanema ali nacho choposa chithunzi choima. Woulutsa nkhani akakhala pa tebulo, khoma la kumbuyo kwake silisintha kwa theka la ola. Chikuyenda ndi milomo, zikope ndi mutu pang'ono. Palibe chifukwa chotumizira khomalo ka 25 pa sekondi. Makina amatumiza chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, ndipo pakati pake amangotumiza malangizo: kabwalo aka kasiye momwemo, aka kasunthire kumanja timadontho titatu, apa onjezera kusiyana kwakung'ono uku. Kusiyanako nako kumapetedwa ndi malukidwe aja. Zonsezi zikaphatikizana, mabiti 166 miliyoni aja amatsika kufika pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi, ndipo mpira wa mphindi 90 umakwana mu GB imodzi ndi theka.

Kiliye Kiliye

Mu 2006 mayiko a mu Africa, a ku Ulaya ndi ena anakumana ku Geneva pansi pa bungwe la ITU n'kugwirizana kuti kanema wa analogi asiyidwe pofika pa 17 Juni 2015. Malawi anasankha njira youlutsira ya DVB-T2 pamodzi ndi MPEG-4, anayamba kuulutsa mwa dijito (ndi manambala ofutsidwa aja) kumapeto kwa 2013, ndipo ntchito yonyamula mafunde inapatsidwa kwa kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, imene dikoda yake anthu amaidziwa ndi dzina lakuti Kiliye Kiliye. Ndime ija imene inkadyedwa ndi tchanelo imodzi tsopano ikhoza kunyamula matchanelo pafupifupi 20. N'chifukwa chake munthu amene kale ankangodziwa TVM lero amasankha pakati pa MBC, Times, Zodiak, Luntha ya ku Balaka, Mibawa ndi ena, onse odzera pa mlongoti umodzi. Wofuna kuyambitsa wailesi ya kanema sakuyeneranso kumanga nsanja zakezake pamwamba pa phiri lililonse. Ndime zina zimene kanema wasiya, mayiko anagwirizana kuti zipite kwa a lamya za m'manja kuti intaneti ifike patali.

Dera ngati la Kasina limapindula ndi mapiri ake komanso limavutika nawo. Pamwamba pa phiri la Dedza, limene ndi lotalika mamita pafupifupi 2,200, pali nsanja zotumiza mafunde kutali. Koma mafunde a kanema amakonda kuyenda molunjika, ndiye nyumba imene ili kuseri kwa chitunda ikhoza kusowa chithunzi pamene ya patsidya ikuonera bwinobwino. Ambiri otero amathawira ku dishi, imene imayang'ana satelayiti yoima pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000.

Sindingabise kuti mfutso uli ndi malire ake, ndipo oulutsa ena amaufinya mopitirira pofuna kulowetsa matchanelo ambiri m'ndime imodzi. Zimaonekera pamene chithunzi chili ndi timizere tambiri ndipo chikuyenda mofulumira. Gule wamkulu ndiye mayeso ovuta koposa amene ndikuwadziwa. Chilombo chikalowa m'bwalo, nthenga ndi nsanza zikuuluka mbali zonse, fumbi lili koboo, kumbuyo amayi ovala zitenje zamaluwamaluwa akuwomba m'manja, palibe kabwalo kosalala, palibenso kamene kangauzidwe kuti kakhale momwemo. Makina akapatsidwa mabiti ochepa amataya malukidwe ang'onoang'ono onse, chilombo n'kusanduka chimbuuzi cha timabwalo pa nthawi yomwe phazi likuchita zodabwitsa. Zimandipweteka kuona zathu zikutuluka zosaoneka bwino pamene filimu yakunja, yokonzedwa mosamala ndi makina abwino, ikutuluka yowala pa tchanelo yoyandikana nayo. Vutolo si la gule, ndipo si la kamera yokha. Ndi la amene amagawa mabiti, ndipo likhoza kukonzedwa.

Foni nayo imachita zomwezo, mwinanso moposa. Chigoli chimene Gabadinho Mhango anamenyera kutali pa masewero a Flames ndi Morocco ku Yaoundé pa 25 Januwale 2022 chinayenda m'mafoni ambiri. Wina anachijambula ndi foni kuchokera pa kanema n'kutumiza pa WhatsApp, wina n'kuchidula, kuikapo nyimbo, n'kuchiponya pa Facebook. Pa sitepe iliyonse yotero makina amafutsanso zimene zinafutsidwa kale, ndipo zimene zatayidwa sizibwerera. Pomafika kwa munthu wachisanu, mpirawo unali kadontho kotuwa kobisala m'timabwalo.

Tibwerere m'kanyumba ka vidiyo kaja. Madontho a mvula amameza mafunde ochokera ku satelayiti. Oulutsa amadziwa zimenezi, choncho amaonjezera mabiti ena othandiza dikoda kukonza zolakwika, ndipo mvula ikakhala yowaza, woonera sazindikira kanthu. Ikakula, zolakwika zimachuluka kuposa zimene dikoda ingakonze. Pa analogi chithunzi chikanangowonjezera mpunga uja n'kumaonekabe mwa chizimezime. Apa ayi: nambala imodzi ikasowa, kabwalo konse kasowa, ndipo popeza zithunzi zotsatira zimamangidwa pa chimene chapita, cholakwikacho chimakokedwa n'kumafalikira mpaka dikoda itagonja.

Mvula ikayamba kukata, mawu amabwera koyamba, chithunzi n'kuchedwerako pang'ono. Dikoda ikulandira malangizo akuti suntha ichi, siya icho, koma ilibe poyambira, ndiye imadikira chithunzi chathunthu chotsatira. Kudikira komweku n'kumene mumakuona mukasintha tchanelo ndi rimoti. Chikafika, bwalo lonse limabwerera kamodzi n'kamodzi, kapinga ali biriwiri, osewera akubwerera pakati. Anyamata aja amathamangitsa maso pa ngodya ya kumwamba kwa kanema pamene pamalembedwa zigoli, ndipo amapeza kuti nambala yasintha mvula ili mkati.